Boti lakana rivesi mutangokonza mwendo: musathamangire kugula giyabokosi

Funso: Ndimakhala ku Matawale, mu Zomba. Ndili ndi boti lakale lomwe ndinagula ku Mangochi, la injini ya petulo ya MerCruiser 3.0 ndi sterndrive (mwendo wa kumbuyo kwa boti, wonyamula magiya ndi pulopela) ya Alpha One, ya m'zaka za m'ma 1980. Madzi akachuluka ndimaliyendetsa pa Chilwa, kuchokera pa Kachulu kupita ku Chisi, ndipo nthawi zina ndimalikokera ku Liwonde. Madzi anayamba kulowera kumbuyo, ndiye amakaniko anga, omwe ndi a magalimoto, anachotsa mwendo n'kusintha ma bellows (mapaipi a mphira opindika a pakati pa mwendo ndi boti) onse atatu ndi impela (kafani ka mphira ka pampu ya madzi). Kebulo ya magiya sitinasinthe. Tisanakonze, magiya ankalowa bwinobwino. Pano ya kutsogolo ikulowa, koma rivesi ikungolira kuti krrr, mwina n'kulowa mochedwa. Pa ngolo injini siizima, koma m'madzi ikumazima ndikamasintha giya. Amakaniko akuti giyabokosi yatha, tiitanitse ina ku South Africa. Kodi nditero?

Yankho: Bambo, ndalama ya giyabokosiyo muyambe mwaisunga. M'kalata yanu muli mawu olemera kuposa onse: musanakonze, magiya ankalowa bwinobwino. Mano a m'giyabokosi sangathe boti lili pa ngolo pabwalo la nyumba. Amadyeka pang'onopang'ono m'madzi, ndipo asanatheretu amachenjeza. Giya imatuluka yokha boti lili pa liwiro, n'kulowanso ndi kugunda koti aliyense m'botimo amamva. Inu simunatchule zotero. Ndiye vutoli tilifune momwe munadutsa manja pokonza paja. Malo ake ndi atatu: pomwe mwendo umakumana ndi boti, pomwe magawo awiri a mwendowo amakumana, ndi pa kebulo.

Amakaniko anuwo sindikuwachepetsa ayi. Munthu amene wasintha ma bellows atatu pa Alpha One, madzi n'kusiyadi kulowa, ntchito amaidziwa. Kungoti mwendo umenewu uli ndi malamulo ake omwe pa galimoto palibe, ndipo amene sanauzidwepo sangawalote.

Ndiyambe ndi zomwe zimachitika mukakankha handulo. Magiya osinthira a Alpha One ali pansi penipeni, m'chigoba chozungulira chija chili kutsogolo kwa pulopela. Mmenemo muli magiya awiri oyang'anizana, ya kutsogolo ndi ya rivesi, ndipo injini ikamalira onse awiri amazungulira nthawi zonse, ina uku ina uko. Pakati pawo, pa shafuti ya pulopela, pali kachitsulo kotsetsereka ka mano mbali zonse ziwiri, dzina lake dog clutch. Kakatsetserekera mbali imodzi kamakola giya ya kutsogolo, kakapita mbali inayo kamakola rivesi, kakakhala pakati ndiye neutral. Mulibe mbale ya klatchi yolandira mphamvu pang'onopang'ono. Chitsulo chimaluma chitsulo basi. N'chifukwa chake mwendo wabwino umalowa giya kamodzi n'kamodzi kuti gu! ndipo kugunda kumeneko si matenda. Matenda ndi krrr wanuyo. Akusonyeza kuti mano akungokhudzana kunsonga osafika mkati, kaya chifukwa kachitsuloko sikakukankhidwa mtunda wokwanira, kaya kakufika mozengereza.

Apa ndikupempheni motsindika: lekani kuyesayesa rivesi injini ikulira. Krrr aliyense akusema ngodya za mano aja. Mukapitiriza, mawu a amakanikowo adzasanduka oona, giyabokosi idzathadi, pamene lero mwina ntchito yake ndi ya sipanala ndi tepi yoyezera.

Kuchokera padzanja lanu kukafika pa kachitsulo kaja ndi ulendo wautali. Handulo imakoka kebulo yoyamba, yodutsa m'mbali mwa boti kukafika pa injini, pa chitsulo chafulati chotchedwa shift plate. Pamenepo mkono wachitsulo umapatsira mphamvu kebulo yachiwiri, yaifupi, yomwe imatulukira kumbuyo kwa boti kudzera mu bellows yaing'ono ija munasintha. Kunsonga kwake kuli kachitsulo ka mpata, shift slide, kamene kamagwira kagudumu ka pa mkono wa shafuti yoimirira mu bell housing, chigoba cha kumbuyo kwa boti chomwe mwendo umamangidwapo. Kunsi kwa shafuti imeneyo kuli mpata wina, momwe mumalowa kaphazi ka shafuti ya m'mwendo, ndipo iyoyo imavala pa mano a shafuti yachitatu yotsikira m'giyabokosi. Polumikiza paliponse pamadya kamtunda pang'ono. Pa boti la zaka zoposa 30 timipata timeneti tikaphatikizana, mtunda wotsala umakhala wongokwanira, moti chimodzi chikasuntha ndi mamilimita ochepa, giya imodzi imasowa. Kawirikawiri imayamba kusowa ndi rivesi, chifukwa potchuna timayambira pa giya ya kutsogolo, rivesi n'kulandira zotsala.

Nanga kuzima kwa injini? Mano a dog clutch anasemedwa mopendekera mkati mwadala, kuti pulopela ikamakankha madzi azikolana kwambiri. Zimenezi zimateteza giya kuti isatuluke yokha, koma zimachititsanso kuti kuitulutsa kukhale kovuta injini ikukoka. Ndiye opanga anaika swichi yaing'ono pa shift plate. Mukamabweza handulo ku neutral, kebulo ya pansi imalimbana ndi mano okolana aja, chikopa chake chakunja n'kukankha kamkono ka mpata wooneka ngati V. Kagudumu ka swichi kamakwera m'mbali mwa mpatawo, moto wa ku mapulagi n'kuduka kwa kanthawi kosakwana sekondi. Injini imatsamwa pang'ono, mano amamasuka, giya imatuluka, kamkono kamabwerera pakati, injini n'kupitiriza. Koma swichiyi siidziwa chomwe chikulimba. Kebulo ikakhala ya dzimbiri, kapena ikatchunidwa moti ikukankhabe giya itafika kale pamapeto, kamkono kamakhalitsa kumbali ndipo injini imazimiratu. Pa ngolo pulopela imazungulira mumphepo popanda katundu, mano sakolana mwamphamvu, ndiye zonse zimaoneka ngati zili bwino. Rivesi yosafika ndi injini yozima si matenda awiri. Nthawi zambiri gwero lake ndi limodzi.

Tsopano muyeso womwe ungakuuzeni zoona popanda kumasula bawuti ngakhale imodzi ya pa mwendo. Mufunika anthu awiri. Chotsani kiyi muike m'thumba, mumasulenso waya wa batire, chifukwa wina agwira pulopela ndi manja. Tsitsani mwendo ukhale mmene umakhalira poyenda, wowongoka. Pa shift plate jambulani kaye ndi foni mmene zonse zilili, kenako chotsani makebulo onse awiri pa mkono uja. Ya ku handulo iikeni pambali. Mutsale ndi ya pansi m'manja mwanu.

Kankhirani nsonga yake mkati, mnzanu ataima kumbuyo kwa boti akuzunguza pulopela motsutsana ndi mivi ya wotchi. Pa mwendo wamba, wozungulira kumanja, imeneyo ndiyo giya ya kutsogolo. Pulopela iime nji, ndipo akaibwezera mbali inayo izidumpha kuti ke-ke-ke. Kenako kokerani kebuloyo kunja mpaka pamapeto, iye akuzunguza motsatira mivi ya wotchi. Iimenso nji: imeneyo ndi rivesi. Pakati pa ziwirizi papezeke malo pomwe pulopela ikuzungulira momasuka mbali zonse, popanda phokoso. Pochita izi mverani dzanja lanu. Kebulo yabwino imayenda ndi zala, siifuna phewa. Bwerezani chiwongolero mutachikhotetsera kumanja kotheratu, kumanzere kotheratu, komanso mwendo mutaukweza pang'ono, chifukwa kebulo ina imafewa ikawongoka n'kulimba ikapindika.

Mukadali pomwepo yezani kugwedera. Ikani m'giya ya kutsogolo, mnzanu agwire pulopela molimbitsa kuti mano asamasuke. Kankhani kebulo pang'ono, ikani chizindikiro pa kachubu kake m'mphepete mwa nsonga yoyenda, kenako kokani pang'ono osatulutsa giya, n'kuyeza mpata womwe waoneka. Buku la MerCruiser limalola mamilimita 14, osapitirira.

Ngati magiya onse awiri akola ndi manja, kebulo ikuyenda mofewa, kugwedera sikunapitirire 14, pumani. Giyabokosi yanu ndi yamoyo, mwendo unabwezeredwa bwino, chatsala n'kutchuna. Ngati akukola koma mpaka mutatuluka thukuta, vuto ndi kebulo kapena bushi ya shafuti ya mu bell housing. Ngati ya kutsogolo ikukola koma mukakoka mpaka pamapeto mukungopeza neutral, kapena rivesi ikungokhudza, mwendo utsikenso. Ndipo ngati kebulo ikungoyenda yopepuka popanda kusintha kanthu kumbuyoko, ndiye kuti kagudumu kaphonya mpata wa shift slide, kapena kaphazi kadutsa pambali pa mpata wake.

Musanatsitse mwendowo, afunseni amakaniko mafunso awiri, mwaulemu. Loyamba: pobwezera mwendo, handulo inali pati? Munthu wa magalimoto amaika pa neutral, ndipo kuganiza kwake n'komveka. Koma Alpha One imachotsedwa ndi kubwezeredwa ili m'giya ya kutsogolo, handulo nayo ili kutsogolo. Ndi pokhapo pomwe mpata wa shafuti ya mu bell housing ndi kaphazi ka m'mwendo zimaloza molunjika kutsogolo ndi kumbuyo, n'kutha kulowerana mwendo ukamatsetsereka. Lachiwiri: kodi mwendo unalowa wokha mpaka kukhudza gasiketi, kapena unatsala kampata n'kuukoka ndi manati? Manati 6 aja ntchito yawo ndi kugwira, ndipo amamangidwa pa 68 Nm. Si okokera. Mwendo ukakana kufika, ndiye kuti china sichinalunjike, ndipo kuukakamiza kumapinda kaphazi kaja kapena kuphwanya m'mphepete mwa mpata. Kaphazi kopindika musakawongole ndi nyundo. Kasintheni.

Pali chinthu chinanso chomwe chimapusitsa ngakhale odziwa. Mutha kuika mwendo m'giya ya kutsogolo bwinobwino, koma pounyamula, pulopela n'kugwedezeka pang'ono, giya n'kutuluka osadziwa. Mankhwala ake ndi mphira wodula ku chubu cha njinga. Mangani tsamba limodzi la pulopela, kokerani mbali yotsutsana ndi mivi ya wotchi, n'kumangirira pa mwendo pomwepo kuti mano akhale okolana mpaka ntchito ithe. Ngati shafuti yaikulu ikukana kulowa m'mano a ku injini, zunguzani pulopela mbali yomweyo, osati inayo. Musaiwale kagudumu kaja: kakhale mkati mwa mpata wa shift slide mwendo usanayandikire. Gasiketi ndi ma O-ring muike atsopano, ngakhale akalewo angokhalapo milungu yochepa.

Impela ndiyo ikundikayikitsa kwambiri pa nkhani yanuyi. Pa Alpha One pampu ya madzi ili mkati mwa mwendo, pamwamba pa gawo la pansi, moti kuti muifikire mumalekanitsa magawo awiriwo. Mukatero, shafuti ya m'gawo la pamwamba imavuka pa mano a shafuti ya pansi. Mano amenewo ndi ang'onoang'ono, ndipo amalola kuvala paliponse. Palibe chokuletsani kuphonya ndi dzino limodzi. Mukaphonya, mtunda wonse umasunthira mbali imodzi: ya kutsogolo imalowa mokwanira, rivesi osafika. Ndi ndendende zomwe mwalemba.

Kuona kwake n'kosavuta mwendo ukakhala pansi. Tembenuzani kaphazi motsatira mivi ya wotchi, mukuyang'ana kuchokera pamwamba, uku mukuzunguza pulopela motsutsana ndi mivi mpaka iime. Pamenepo kaphazi kayenera kuloza kutsogolo molunjika. Ngati kapendekera kumanja kapena kumanzere giya itakola mokwanira, mwachipeza. Khuthulani oilo, lekanitsani magawo, ikani gawo la pansi m'giya ya kutsogolo, limangeni ndi mphira uja, lunjikitsani kaphazi, n'kuphatikizanso. Mano a shafuti ya pansi musawagwire ndi pulayasi yopanda nsalu, amaphwanyika msanga. Pakati pa magawowo pali kamphira kakang'ono kotseka njira ya oilo. Kamakonda kugwa osaoneka, ndipo kakasowa madzi amalowa m'magiya.

Kunena za kebulo ya pansi, maganizo anga ndi akuti muisinthe, ngakhale mutapeza kuti vuto lalikulu linali dzino lophonya. Kebuloyi ndi waya woyenda m'chikopa, ngati wa buleki ya njinga, ndipo mdani wake ndi madzi. Mwanena nokha kuti madzi ankalowera kumbuyo. Ngati bellows yaing'ono inali yong'ambika, kebuloyo yakhala ikumwa madzi kwa nthawi yaitali. Ndipo madzi a Chilwa si ofanana ndi a ku Mangochi. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndiye ali ndi mchere komanso matope osalala omwe amalowa paliponse. Boti likamayenda kawirikawiri waya amadzipalira njira m'matopemo. Likaima pokonzedwa, matope amauma, dzimbiri limagwira. Onjezani kuti posintha bellows yaing'onoyo kebulo imasololedwa, kupindidwa ndi kubwezeredwa, ndipo chikopa chakale chimasweka mkati posaoneka. Umu ndi mmene kebulo yomwe inkagwira ntchito dzulo imakanira lero popanda munthu kulakwitsa kanthu.

Ena amathiramo oilo. Zimathandiza kwa masiku ochepa, kenako vuto limabwerera, mwina muli pakati pa nyanja. Poti mwendo utsika kale, sinthaninso bushi ndi silo (mphira wotseka madzi) ya shafuti ya mu bell housing. N'zotchipa, ndipo zikadyeka shafutiyo imagwedera kapena kulimba. Poika kebulo yatsopano idutsitseni njira yomwe yakale inkadutsa, kutali ndi paipi ya ekizozi ndi coupler yozungulira kumbuyo kwa injini, yomwe imalumikiza injini ndi shafuti yaikulu ya mwendo, popanda kuipinda mwamphamvu kapena kuimanga mothina. Sikulu ya mu shift slide imamangidwa mpaka kukhudza, n'kubwezedwa pang'ono kuti kachitsuloko kazitha kuzungulira, kenako imatsekedwa ndi waya kuti isamasuke.

Kutchuna kuli ndi dongosolo lake, ndipo mukalumpha sitepe mudzazungulira tsiku lonse. Yambani ndi kebulo ya pansi yokha. Pa mkono wa shift plate pali bawuti yoyenda mu mpata wautali: iikeni pansi penipeni pa mpatawo. Kankhirani kebulo mkati, pulopela itakola kutsogolo ndi kumangidwa ndi mphira. Yezani kuchokera pakati pa kambiya ka mkuwa ka pa kebuloyo kukafika pakati pa bowo la kunsonga. Pakhale mainchesi 6, omwe ndi mamilimita 152 kapena 153. Zunguzani kambiyako mpaka muyeso ukwane, kakhazikeni pamalo pake, n'kutseka ndi pini. Mukatero musakakhudzenso. Anthu ambiri amalakwira apa. Rivesi ikakana amayamba kuzunguza kambiya kameneka, rivesi n'kubwera, ya kutsogolo n'kuthawa.

Kenako kebulo ya ku handulo. Musanailumikize, yezani mtunda womwe nsonga yake imayenda kuchokera kutsogolo kotheratu kufika ku rivesi kotheratu, wina akuikoka pang'ono kuti isanamize. Uyenera kukhala pakati pa mamilimita 73 ndi 80. Ukachepera, vuto lili m'bokosi la handulo kapena m'kebulo imeneyo, ndipo kutchuna kulikonse sikungabweze mtunda womwe kulibe. Ukakwana, kankhani handulo kutsogolo mpaka pamapeto, kokani nsonga ya kebulo pang'ono kuchotsa kugwedera, zunguzani kambiya kake mpaka mabowo alunjike ndi malo ake popanda kukakamiza, kenako kabwezeni kanayi kutali ndi nsongayo. Umu ndi mmene buku limanenera pa miyendo ya zaka zimenezo. Ngati pa shift plate yanu pali chubu cha sipuling'i chothandizira kusintha giya, tsatirani tsamba la mtundu umenewo.

Lumikizani, ikani handulo pa rivesi, mnzanu azunguze pulopela motsatira mivi ya wotchi. Ikapanda kukola, apa m'pamene bawuti ya mu mpata wautali ija imagwira ntchito: imasuleni, ikwezeni pang'onopang'ono mpaka rivesi ikole, n'kuimanga. Musapitirire pamenepo. Tsopano yang'anani kagudumu ka swichi. Handulo ikhale kutsogolo, pa neutral kapena pa rivesi, kagudumuko kakhale pakati pa V. Kakakwera m'mbali handulo ili kutsogolo, kambiya ka kebulo ya ku handulo kakufuna kuzunguzidwa, kamodzi kamodzi mukuona. Kakakwera pa rivesi, bawuti ija mwaikweza kwambiri. Manati ogwira nsonga za makebulo asamangidwe mothina. Nsongazo zizitha kutembenuka.

Pali malangizo omwe mudzawamva ndithu, kaya padoko kaya kugalaja: dulani mawaya a swichiyo, injini isiya kuzima. Idzasiyadi. Koma tsiku lomwelo mudzafika pa Kachulu, pomwe pamadzaza mabwato, amayi otsitsa katundu ndi ana oyenda m'madzi, mudzabweza handulo ku neutral, boti n'kumapitabe. Mukakoka mwamphamvu, giya imatuluka mwadzidzidzi, dzanja n'kupitirira mpaka ku rivesi. Chimenechi ndimachiopa kuposa injini yozima. Swichiyo ikuuzani kuti china chalimba, ndiye konzani cholimbacho. Ndipo aliyense woyendetsa botilo adziwe kuti giya ikakana kutuluka, chochita ndi kuzimitsa ndi kiyi nthawi yomweyo, osati kulimbana ndi handulo.

Mwina injini ikuzima kagudumu kali phee pakati pa V. Zikatero swichi ilibe mlandu, pokhapokha waya wake atasupuka n'kumakhudza chitsulo. Yang'anani kalilidwe ka injini. Ya 3.0 ikatentha, ili m'giya, m'madzi, imafuna kuzungulira pafupifupi 650 mpaka 700 pa mphindi. Ikatsika kwambiri imafa pulopela ikangoluma madzi. Petulo wokhalitsa m'thanki ndi kabuleta yakuda zimachita zimenezi boti likaima nthawi yaitali. Koma musathawire kukweza idle mpaka 1,000. Mukatero magiya amalowa ndi nkhonya, amatuluka movutikira, ndipo mano amatha msanga.

Giyabokosi nayo ili ndi umboni wake, ndipo ndi bwino kuuona kuti mtima ukhale pansi. Masulani sikulu yothira oilo ya pansi, mudonthetse pang'ono m'chitini choyera. Ufa wachitsulo wosalala pa maginito a sikuluyo ndi wabwinobwino. Tizidutswa tomveka pakati pa zala, kapena oilo wonyezimira ndi zitsulo, ndi nkhani ina. Oilo woyera ngati mkaka ndiye kuti madzi alowa, ndipo pa Chilwa choyamba kukayikira ndi ulusi wa maukonde wokulungika kuseri kwa pulopela, womwe umadula silo. Chotsani pulopela muone. Mwendo ukakhala pansi, giya itakola, kaphazi kasagwedere kupitirira madigiri 12. Kakapitirira, zodyeka zili mkati mwa giyabokosi, ndipo pamenepo amakaniko anu ali ndi mfundo. Pothira oilo watsopano, muthirire pa bowo la pansi mpaka atulukire pa la pamwamba.

Matenda ena awiri amanamizira magiya. Injini ikamakwera boti osayenda, mwina mphira wa pakati pa pulopela wavuka. Lembani mzere umodzi wodutsa pa nati ndi pa pulopela, yendani pang'ono, muone ngati mzerewo waduka. Ngati palibe giya iliyonse, injini ikutentha msanga ndipo mukumva fungo la mphira wopsa, ndiye coupler. Zanu sizikufanana ndi izi, koma muzidziwe.

Zonsezi ndi za Alpha One. Mnzanu wa Bravo kapena Volvo Penta akakuuzani kuti iye amabwezera mwendo mosiyana, sakunama. Miyendo imeneyo imasinthira magiya pamwamba ndi cone clutch, ndipo Bravo imabwezeredwa pa neutral. OMC Cobra ili ndi miyeso yakeyake. Malangizo a mtundu wina musawabweretse pa wanu.

Mukamaliza, yesani kaye pakhomo, madzi a papaipi akulowa m'mabowo a mwendo. Injini isalire ngakhale masekondi ochepa popanda madzi, impela yatsopanoyo ingapse. Musanalize, tsegulani chivundikiro cha injini, nunkhizani ngati muli fungo la petulo, ndipo blower, fani yotulutsa mpweya wa petulo, iyende mphindi 4. Posintha giya dzanja lizipita mwachangu ndi motsimikiza. Kulowetsa monyengerera, poganiza kuti mukusamala, ndi komwe kumakukuta mano.

Koma mayeso enieni ndi a m'madzi, chifukwa swichi ija siigwira ntchito pulopela ilibe katundu. Apa Chilwa ili ndi vuto lake. Ndi nyanja yosaya, yomwe inaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, ndipo pafupi ndi doko mumakakamizika kukweza mwendo kuthawa matope. Mwendo wokwezeka kwambiri umapinda kebulo ndi kuvutitsa ma universal joint, mfundo zopindika za shafuti yaikulu, ndiye zomwe mungaone pamenepo sizikhala zoona. Kankhani boti ndi mponda mpaka pomwe mwendo ungatsike wonse, kutali ndi anthu ndi maukonde, m'mawa mphepo isanayambe. Ngati mwasankha Liwonde, madzi ndi akuya koma amathamanga, ndiye khalani ndi nangula wokonzeka, ndipo wina asalowe m'madzi kukagwira pulopela, mu Shire muli ng'ona ndi mvuu.

Wina ayendetse, inu mugwade pa injini, zovala ndi manja kutali ndi malamba, maso pa kagudumu ka swichi. Polowa giya, kaya ya kutsogolo kaya rivesi, kasasunthe. Potuluka kagwedezeke kamodzi, injini itsamwe pang'ono, kabwerere pakati. Bwerezani kangapo injini itatentha, chiwongolero chili uku ndi uko. Kenako thamangani pang'ono, mumvetsere ngati giya ikudumpha.

Ngati pambuyo pa kebulo yatsopano, kaphazi kolunjika ndi mainchesi 6 aja giya ikudumphabe pa liwiro, pamenepo tikambe za kugula. Ngakhale apo simufunika mwendo wonse. Dog clutch ndi magiya a pansi amagulitsidwa paokha, ngakhale kuwaika kumafuna zida zake ndi munthu wodziwa kuyeza mipata ya magiya, moti nthawi zambiri n'kwapafupi kugula gawo la pansi lathunthu. Poitanitsa chilichonse, kaya kebulo kaya gasiketi, tumizani nambala ya siriyo yolembedwa pa mwendo, osati chaka cha boti, chifukwa maboti akale ambiri anasinthidwapo miyendo. Alpha One Gen II, yomwe inayamba mu 1991, imaoneka yofanana ndi yanuyo pa chithunzi, koma gawo lake la pansi silingavale pa la pamwamba la m'ma 1980.